Tomato wamkulu wocha msanga: ulimi wa pakati pa chisanu ndi chiwawu ku Joni

Mlimi wa tomato wochokera ku Malawi akafika ku Johannesburg, chimene chimamusokoneza kwambiri ndi kalendala. Kwathu tomato wosavuta ndi wa kudimba. Mvula ikangokata cha mu Epulo timafesa, timathirira miyezi yonse yozizira, ndipo ikamafika Ogasiti pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Bembeke madengu amachita kusowa poika, mtengo utagweratu. Wa m'dzinja ndiye wovuta, ndiyenso wodula, chifukwa mvula imabwera ndi matenda. Kuno ku Joni zonsezi zimatembenuka. Miyezi imene kwathu ndi ya dimba, kuno ndi ya chisanu chopha mbewu usiku umodzi wokha. Ufune usafune, tomato wako akula ndi mvula, nyengo imene kumudzi timaiopa ija.

N'chifukwa chake ndikakumana ndi Mmalawi mnzanga amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba, mtima wake uli pa tomato wamkuluwamkulu uja amati beefsteak, ndimamuuza kuti asankhe wocha msanga. Musatengeke ndi chithunzi cha papaketi. Itembenuzeni paketiyo muwerenge masiku. Nyengo yabwino kwenikweni ya tomato mumzinda uno ndi yopapatiza. Kumbuyo kuli chisanu chimene chimatha kubwerera ngakhale kumayambiriro kwa Sepitembala, kutsogolo kuli chinyezi cha mu Januwale ndi Febuluwale chobweretsa matenda a chiwawu. Tomato wamkulu ndi wochedwa kale mwachibadwa, ndiye wina akabzala mtundu wochedwetsetsa amapezeka kuti zipatso zikuyamba kufiira masamba atayamba kale kufa.

Kwa amene simunamuonepo, beefsteak ndi tomato wophwatalala, wa mapewa a mizeremizere, wamkulu ngati chibakera cha bambo. Chipatso chimodzi chimalemera magalamu 250, china 400, china kupitirira theka la kilogalamu. Ukamudula sachucha madzi ngati Moneymaker amene tinamuzolowera. M'kati muli mnofu wokhawokha, njere zili m'timaenje ting'onoting'ono tomwazikana. Khungu lake ndi lopyapyala, n'chifukwa chake simumupeza pa mabenchi a m'misewu ya ku Yeoville kapena ku Rosettenville. Tomato wambiri wogulitsidwa mumzinda uno amachokera kutali, makamaka ku Limpopo kumene kuli minda ikuluikulu monga ya ZZ2, n'kudzera pamsika waukulu wa ku City Deep. Ulendo wotere umafuna tomato wolimba, wothyoledwa asanapse, woti apirire kugwedezeka m'lole. Beefsteak wakupsa sangapirire zimenezo. Womufuna ayenera kulima yekha.

Mlamu wanga wa ku Ntcheu, amene anakulira m'madimba a tomato wamalonda, ankamuyesa tomato wa saladi chabe. "Alamu, ameneyu angakazingire usipa?" Ndinawayankha kuti, "Tengani mmodzi mukayese, alamu, mudzandiuze." Zoona zake n'zakuti mmodzi yekha amakwanira mphika wonse. Chifukwa alibe madzi ambiri, msuzi wake umagwirana msanga, ndipo pa nyemba, pa usipa wouma, ngakhale pa chibwabwa chotendera, kakomedwe kake kamamveka. Wamuwisi ndiye salankhulitsa: kumudula mopyapyala, anyezi pang'ono, mchere, kambuzi, pambali pa tchipisi kapena nyama yowotcha ya Loweruka.

Tibwerere ku masiku aja. Ambiri sadziwa kuti nambala yolembedwa papaketi ya tomato imawerengedwa kuyambira tsiku lowokera mbande, osati tsiku lofesa. Pa nambalayo muonjezere milungu isanu kapena isanu ndi umodzi ya panazale. Mitundu yakale ya ku America monga Brandywine imatenga masiku 80 mpaka 100 kuchokera powokera. Ndi yokoma ndithu, sindikana, koma ndi ya anthu amene ali ndi chilimwe chachitali chouma kapena nyumba ya pulasitiki yolimiramo. Yocha msanga ili cha m'ma 65 mpaka 75. Big Beef, amene analandira mphoto ya mbewu zabwino ya All-America Selections mu 1994, amatenga masiku opitirira 70 pang'ono, ndipo anamupanga kuti azipirira matenda angapo a m'nthaka. Marmande, wotchedwa dzina la tawuni ya kum'mwera chakumadzulo kwa France, nayenso ndi wa msanga, ndipo amadziwika kuti amagwira zipatso ngakhale usiku kukuzizirabe. Ndi wocheperako thupi pomuyerekeza ndi ena, koma ine ndiye amene ndimamukonda, pa zifukwa zimene ndinena pansipa.

Tiwerengere limodzi. Mwafesa m'nyumba pakati pa Ogasiti. Mwawoka kumapeto kwa Sepitembala. Wa masiku 70 akuyamba kupsa cha m'sabata yachiwiri ya Disembala. Wa masiku 90 akuyamba chaka chikutha, ndipo popeza usiku wa mu Okutobala kuno umazizira n'kuchedwetsa mbewu, kawirikawiri amalowa ndithu mu Januwale. Milungu itatu yokhayo ndi yaikulu zedi. Ndi milungu imene mbewu ikadali yathanzi, masamba ali biriwiri, dzuwa likutulukabe pakati pa mabingu. Palinso nkhani ina imene mabuku a zaulimi sangakuuzeni: pakati pa Disembala ambiri a ife timakhala tamanga katundu, takwera basi yodutsa ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete kukatulukira ku Mwanza. Tomato wopsa mu Januwale amadyedwa ndi mbalame ndi aneba, mwini wake ali ku Mangochi kapena ku Mzimba. Wa msanga umalawako usananyamuke, wina n'kuthyola wotuwira kusiyira otsala.

Wina anganene kuti ngati vuto ndi kuchedwa, bwanji osangowoka mu Ogasiti momwemo? Apa ndi pamene mzinda uno umalanga othamanga. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa tawuni ya Dedza imene kwathu timati ndi yozizira, komanso ali kum'mwera kwambiri. Amene analipo pa 10 Julayi 2023 anaona chipale chofewa chikugwa masanasana. Masana a mu Ogasiti amatha kufunda mpaka munthu kuvula juzi, koma m'bandakucha udzu n'kuyera mbuu. Ndipo chisanu sichigwa mofanana paliponse. Mpweya wozizira umatsikira kuzigwa, choncho okhala pamtunda, monga m'zitunda za Northcliff kapena Observatory, amapulumuka nthawi zina pamene okhala kufupi ndi mitsinje ya Jukskei ndi Klip apsereza mbewu. Funsani amene akhalitsa m'dera lanu kuti chisanu chomaliza chimagwa liti. Ngati muli kuchigwa, dikirani mpaka Okutobala alowe.

Ngakhale chisanu chitapanda kupha mbewu, kuzizira kumaononga m'njira ina, ndipo beefsteak ndiye amavutika nako koposa. Usiku kukazizira pansi pa madigiri 13, mungu sugwira bwino, maluwa amayoyoka. Amene agwira amabala zipatso zopindikapindika, kumunsi kuli zipsera zakuda ndi mabowo. Kawirikawiri duwa loyamba penipeni pa beefsteak limakhala lalikulu modabwitsa, chifukwa ndi maluwa awiri kapena atatu amene amatana. Limasangalatsa kuliona, koma ine ndimalitsina. Chipatso chake chimadya mphamvu yambiri ya mbewu, chimachedwa kupsa, ndipo theka lake limathera kutayidwa podula. Kucha msanga kuzichokera mu mtundu wa mbewu ndi m'mbande zamphamvu, osati m'kuitaya panja nyengo isanakwane.

Za panazale n'zosavuta kwa aliyense amene anafesapo fodya kapena mpiru. Timakapu ta yogati tobowola pansi tikwanira. Njere ilowe pang'ono chabe, osapitirira sentimita imodzi. Imamera bwino pakakhala kutentha kwa madigiri 21 mpaka 27, ndipo pa sabata imodzi imakhala yatuluka. M'chipinda chozizira imachedwa, nthawi zina n'kuwola. Ikangomera ifunika kuwala kwambiri, ndiye ikani pawindo loyang'ana kumpoto. Mbande yosowa dzuwa imatalika n'kuonda, ndipo mbande yotere sithamanga ngakhale mtundu wake ukhale wa msanga. Kutatsala sabata kuti muwoke, yambani kuzitulutsa masana n'kuzilowetsa madzulo, kuti zizolowere dzuwa la kuno ndi mphepo youma ija ya fumbi imene imayamba mu Ogasiti.

Nkhani ya malo imandikhudza. Amalawi ambiri mumzinda uno ntchito yathu ndi ya m'magadeni. Timatchetcha kapinga wa eni, timadulira maluwa a eni, timadziwa tsiku lothira feteleza pa mitengo ya eni, koma madzulo timatsika takisi n'kugula tomato atatu a m'kapulasitiki pakona. Manja odziwa nthaka chotere sayenera kusowa phando lawolawo. Ndikudziwa kuti ambiri tikukhala m'zipinda za kuseri, pabwalo pali simenti, ndipo mawa alandilodi akhoza kunena kuti chipinda akuchifuna. Apa ndi pamene chidebe chimathandiza. Chidebe cha penti cha malita 20, chotsukidwa bwino ndi kubowoledwa pansi, chimasunga tomato mmodzi mpaka kukolola. Chocheperapo ayi, beefsteak ali ndi mizu yambiri ndipo amamwa kwambiri. Mukasamuka, munda umakwera nawo galimoto yonyamula katundu ija amati bakkie. Pemphani kaye kwa eni nyumba, ndipo akaona zipatso musawamane. Amene akukhala moyandikana ndi milu ya dothi la m'migodi yakale, kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzinda, chidebe ndi dothi lochokera kwina ndiye njira yabwino, chifukwa nthaka ndi fumbi la m'malo amenewo zimatha kukhala ndi zitsulo zoipa m'thupi.

Manyowa sasowa kwa munthu wogwira m'gadeni. Masamba ouma amene timawasesa m'miyezi ya Meyi ndi Juni, amene amathera m'matumba akuda, ndi chuma. Mukawaunjika pakona ndi zotsala za kukhitchini n'kumawaza madzi, pakapita miyezi ingapo amakhala dothi lakuda lonunkhira bwino. Chenjerani ndi udzu wotchetcha pa kapinga amene anapoperedwa mankhwala opha zomera zosafunika. Ena mwa mankhwala amenewa satha msanga, ndipo tomato amawamva ngakhale atachepa bwanji: nsonga zimapiringizika, masamba amaonda, mbewu siibwereranso. Manyowa a nkhuku akhale owola bwino, aawisi amawotcha mizu. Feteleza wa kuno ali ndi maina ena, osati amene tinazolowera ku Malawi. Powoka amagwiritsa ntchito 2:3:2 kapena ufa wa mafupa, ndipo maluwa akayamba amathira 3:1:5 amene ali ndi potaziyamu wambiri wothandiza zipatso. Wobereketsa wa nayitrojeni yekha, amene kuno amati LAN, ofanana ndi CAN wa kwathu, musachulutse. Mbewu imasanduka chitsamba chokongola chopanda kanthu, ndipo masiku amene munapindula posankha mtundu wa msanga amathera m'masamba.

Powoka, kwirirani mbande mozama mpaka pa masamba oyamba, chifukwa tsinde la tomato limatulutsa mizu paliponse pamene lakhudza dothi. Pakati pa phando ndi phando pakhale masentimita 60. Mtengo wochirikizira muzike tsiku lomwelo, wolimba, wautali mamita awiri osakwana pang'ono. Kabango sikapirira phava la zipatso zolemera kilogalamu ndi theka mphepo ya mabingu ikamawomba. Mangani ndi nsanza zofewa, osati waya. Mbozi zodula mbande usiku zilipo zambiri, koma botolo la pulasitiki lodula mbali zonse, lozikidwa pang'ono mozungulira tsinde, limazilepheretsa.

Mbewu ikayamba kukula, m'khwapa mwa tsamba lililonse mumatuluka mphukira. Pa mitundu yomangokulirakulira monga Big Beef ndimasiya tsinde limodzi kapena awiri, zina zonse ndimatsina zikadali zazing'ono. Marmande safuna kumudulira kwambiri chifukwa amafika pena n'kuima yekha. Ndimangochotsa mphukira za pansi pa phava loyamba. Pa phava lililonse ndimasiya zipatso zitatu kapena zinayi. Koma masamba a pamwamba musawathothole pofuna kuti dzuwa lipsetse tomato. Chimene chimapsetsa ndi kufunda, ndipo dzuwa la pamtunda ngati uno ndi laukali: chipatso chosaphimbidwa chimawauka mbali imodzi n'kuchita chigamba choyera. Kukatenthetsa kupitirira madigiri 30, ngakhale kufiira kumene kumaima. M'mawa podutsa gwedezani pang'ono mtengo wochirikizira. Duwa la tomato limadzipatsa lokha mungu, limangofuna kugwedezeka. Majakaranda akamachita buluu m'misewu ya Kensington ndi Saxonwold, tomato wanu akhale ali ndi maluwa.

Madzi ndiye pagona nkhani. Sepitembala ndi Okutobala kuno kumatentha mvula isanakhazikike, ndipo mzinda uli ndi lamulo loletsa kuthirira gadeni pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo m'miyezi yotentha. Lamuloli silitsutsana ndi zofuna za tomato, chifukwa kuthirira m'bandakucha ndiye kwabwino kale. Chovuta ndi masiku amene mpopi wauma. Sungani madzi m'chigubu, ngakhale otsukira masamba ndi mpunga, chifukwa beefsteak sakhululukira kumwa kodumphadumpha. Lero wauma, mawa wakhuta, mkucha waumanso: chotsatira chake ndi kuwola kwakuda kumunsi kwa chipatso. Anthu amati ndi matenda n'kuthamangira mankhwala, ena amaphwanyira makoko a mazira paphando. Vuto ndi lakuti kashiamu sakufika kuchipatso, ndipo nthawi zambiri m'dothi alimo, koma amayenda ndi madzi. Makoko a mazira amatenga nthawi yaitali kuti asungunuke. Chothandiza ndi kuthirira mofanana, patsinde osati pamasamba, ndi kuphimbira pansi ndi udzu wouma wokhuthala. M'chidebe, kukatentha, n'kuthirira tsiku ndi tsiku.

Pali chinthu china chofunika kuchiganizira bwino. Khoma loyang'ana kumpoto limasunga kutentha masana n'kukutulutsa usiku, ndipo tomato wobzalidwa pamenepo amatsogola anzake. Koma malo otentha, ouma, a pansi pa denga pamene mvula siifika, ndi kwawo kwa kangaude wofiira. Ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, tokhala kunsi kwa masamba. Mumayamba kuona timadontho toyera, kenako masamba amatuwa, kenako ukonde, ndipo pofika apo mbewu yatha. Ine ndimachita chonchi: zidebe zimakhala pakhoma mu Okutobala pamene usiku ukuzizira, ndipo Novembala akalowa ndimazisunthira poyera, pamene mphepo ikudutsa. Amene mwabzala pansi, siyani mpata wa mita kuchokera pakhoma. Sabata iliyonse tembenuzani masamba angapo muone, ndipo mukawapeza msanga, kuwaza madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba m'mawa kumawachepetsa.

Kenako matalala. Munthu amene sanakhalepo kuno sangamvetse mmene mtambo wa 3 koloko masana ungasandutsire munda kukhala nsanza pa mphindi khumi. Amagwa kwambiri kumayambiriro kwa dzinja, nthawi yomweyo imene zipatso zoyamba zikukula. Neti ya mthunzi ya 30 kapena 40 peresenti, yomangidwa pamwamba motsetsereka kuti matalala azigubuduka, ndi chinthu chimodzi chimene ndimati gulani ngakhale ndalama ikuvuta. Imateteza ku matalala, imachepetsa ukali wa dzuwa, ndipo mukaitsitsa m'mbali imatsekereza apumbwa ndi mbalame za michira yaitali zija amati mousebird, zimene zimajompha tomato tsiku limene wayamba kufiira.

Mvula ikakhazikika timasangalala kuti ndowa yapuma. Koma walira mvula walira matope. Mvula yamphamvu ikagwa pa nthaka youma, tomato amamwa mofulumira kuposa mmene khungu lingatambasukire, ndipo beefsteak, ndi khungu lake lopyapyala lija, amang'aluka kuchokera pa phesi. Kuphimbira pansi kumachepetsa zimenezi. Chiwawu nacho chimabwera pawiri. Choyamba chimayambira pa masamba a pansi, mawanga abulauni a mizere yozungulira, n'kumakwera pang'onopang'ono. Chinacho, chomwe chinaononga mbatatesi ku Ireland m'zaka za m'ma 1840, chimabwera kukachita mitambo ndi chinyezi masiku otsatizana, ndipo chimatha kupsereza munda pa sabata imodzi. Chotsani masamba onse okhudza pansi mbewu ikangotalika, chifukwa madontho a mvula ndi amene amadumphitsa matenda kuchoka m'dothi. Musagwire mbewu zikadali zonyowa. Mankhwala a kopa kapena Dithane amene timamudziwa kuchokera kwathu amateteza tsamba lomwe silinadwale, sachiza lodwala kale, choncho opopera apopere mitambo isanakhazikike ndipo atsatire masiku odikira asanathyole monga alembera pachikuto. Koma chitetezo chachikulu ndi chomwe tinayamba nacho chija. Chiwawu chikamafika, mlimi wa mtundu wa msanga amakhala atadya kale mapava awiri kapena atatu.

Mdani watsopano ndi Tuta absoluta, kagulugufe kakang'ono kochokera ku South America kamene kanapezeka koyamba ku South Africa mu 2016. Alimi a ku Ntcheu ndi Dedza akukadziwa bwino. Mbozi yake imalowa m'kati mwa tsamba n'kudya mnofu, kusiya chigamba chowonekera, ndipo imaboola chipatso pansi pa kachisoti kobiriwira kaja. Imazolowera mankhwala msanga, ndiye kupopera mtundu umodzi womwewo n'kutaya ndalama. Pa mbewu zisanu kapena khumi za pakhomo, maso ndi zala zimagwira ntchito kuposa botolo: tsamba lililonse la chigamba lithyoledwe, liikidwe m'pulasitiki, limangidwe, lisapite pa mulu wa manyowa. Tizilomboti timachulukana nyengo ikamapita, choncho apanso wokolola mu Disembala ali pabwino kuposa wokolola mu Febuluwale.

Pang'ono za fodya, poti ambiri tinachokera m'madera ake. Fodya, tomato, mbatatesi, tsabola ndi mabiringano ndi banja limodzi ndipo amapatsirana matenda. Osuta asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbewu, ndipo dothi limene munali chimodzi mwa zimenezi chaka chatha libzalidwe nyemba kapena mpiru chaka chino. M'chidebe, sinthani dothi.

Pokolola, musadikire kuti afiire psuu ali pamtengo. Tomato akangoyamba kusintha mtundu kumunsi, wakhwima kale, ndipo akapsera m'nyumba amakoma pafupifupi chimodzimodzi. Mukaona mitambo yakuda ikusonkhana kum'mwera, tulukani muthyole onse otuwira asanang'aluke. Aikeni pa tebulo mozondotsa, mapewa pansi, pamthunzi. Mufiriji ayi: kuzizira kumapha fungo lake n'kusandutsa mnofu kukhala wa ufaufa. Beefsteak amapsa kuyambira kumunsi, mapewa n'kutsala obiriwira pang'ono. Musadikire mapewawo, mumvereni ndi chala, akafewa wakwana.

Chifukwa china chimene ndimakondera Marmande ndi mbewu. Big Beef ndi haibulidi, papaketi pamalembedwa F1, ndipo aliyense amene anabzalapo chimanga cha haibulidi chobwereza akudziwa zotsatira zake: ana safanana ndi kholo. Marmande ndi mbewu yoti ukhoza kusunga. Sankhani chipatso chabwino cha pa mbewu imene inapsa moyambirira ndipo sinadwale. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, zikhale masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu, kenako tsukani, njere zabwino zimamira, yanikani pamthunzi pa mbale. Zikauma bwino n'kusungidwa m'envulopu pouma, zimamera kwa zaka zinayi kapena kuposa. Beefsteak ali ndi njere zochepa, komabe chipatso chimodzi chimakwanira inu ndi anzanu a kutchalitchi. Mukamasankha chaka ndi chaka yomwe yapsa msanga pabwalo panu, mbewuyo imanka nizolowera malo anu. Chokhacho, musazinyamule podutsa m'malire popanda chilolezo. Mbewu ndi zomera zili ndi malamulo ake pazipata, ndipo malamulowo alipo chifukwa cha tizilombo ngati Tuta yemweyu.

Amene simupita kumudzi pa Khirisimasi muli ndi mwayi wina umene mtundu wochedwa sungakupatseni. Mukafesa kachiwiri kumayambiriro kwa Disembala n'kuwoka pakati pa Januwale, pamalo ena kutali ndi mbewu zakale zodwala, mbande zimadutsa m'chinyezi zikadali zazing'ono zosavuta kuziteteza, ndipo zipatso zimayamba kupsa kumapeto kwa Malichi, mvula ikuchepa, thambo likuyera. Ngakhale mphukira yathanzi yotsinidwa pa mbewu yoyamba, mukaiika m'madzi, imatulutsa mizu pa sabata imodzi kapena iwiri ndipo imakhala mbande yokonzeka kale. Usiku wa mu Epulo umayamba kuzizira ndipo kupsa kumachedwa, choncho mwezi umenewo dulani nsonga kuti mphamvu yonse ipite ku zipatso zomwe zilipo. Chisanu choyamba chimatha kugwa mu Meyi. Wailesi ikangonena za usiku wozizira kwambiri, thyolani onse amene akula thupi ngakhale ali obiriwira, muwaike m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, ndipo azipsa mmodzimmodzi mpaka mu Juni.